Mwana Amene Ndinamugoneka Panja

Ndinayamba kuona dzanja. Linali losalala, zala zake zitamatirirana, ndipo nditalikhudza linali lolimba ngati sopo. Ndinakoka bulangete lonse. M'kangolo kokankhira mwana munali chidole chovala chipewa cha ubweya, maso ali tong'o, ndipo pansi pa chidolecho panali zikwama za m'thumba, mafoni asanu ndi mapasipoti omangidwa ndi mphira. Otso, mdzukulu wanga wa miyezi isanu, munalibe.

Dzina langa ndi Marjukka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuyendetsa alendo odzaona mzinda wa Helsinki, ndipo sindichita manyazi kunena kuti pakamwa ndiye munda wanga. Ndimawakweza masitepe a tchalitchi choyera mpaka azipuma wefuwefu, ndimawatsitsira kumsika wa padoko, nkhani zili mbwee njira yonse. Tsikulo linali Lachiwiri la mu Febuluwale, kukuzizira madigiri khumi ndi anayi pansi pa ziro. Saana, mwana wanga, anali ndi mafunso a ntchito, ndiye anandisiyira Otso, botolo limodzi la mkaka, ndi kawailesi komverera mwana. Mbali imodzi ya kawailesiko imakhala m'kangolo, inayo m'thumba mwa wolera, kuti mwana akangoti kulira umve. Saana anandiuza katatu kuti ndisakazimitse. Ndinamuyankha kuti iyeyo ndinamulera popanda zoterezi ndipo sanafe.

Hafu pasiti wanu ndinalowetsa alendo anga khumi ndi awiri m'nyumba ya khofi ya pakona pa bwalo la tchalitchi kuti amve kutentha ndi kulawa mabanzi a sinamoni. Otso anali m'tulo. Ndinamugoneka panja, pansi pa zenera, pamzere wa tingolo tinzake, monga amachitira aliyense kuno. Mwana amagona bwino mumphepo yozizira. Ine ndinagona choncho, Saana anagona choncho. Koma mayi wina wa m'gululo, a Fotini ochokera ku Girisi, anangoti kakasi pakhomo, manja ali m'mwamba. Ankafunsa ngati ndapenga. Ndinawaseka pamaso pa anthu onse, n'kuwauza kuti kuno kangolo ka mwana sakhudza munthu, ngakhale chidakwa chimakalambalala. Gulu linaseka, ine n'kumva kukoma.

M'katimo ndinayamba nkhani yanga ya mfumu ya ku Russia ndi mmisiri wake, imene imaseketsa alendo nthawi zonse. Kawailesi kankangoti fwee, fwee m'thumba chifukwa cha mphepo, n'kumandidula pakamwa. Ndinapisa dzanja n'kukazimitsa. Ndinati ndikayatsanso nkhani ikatha. Nkhani inatha, inayamba ina, ndipo pamene ndinkatuluka inali itapitirira 2 koloko.

* * *

Wapolisi amene anabwera anali bambo wamtali, wa ndevu zotuwa, dzina lake Peltoniemi. Anthu a kwathu kuno sitifulumira kulankhula, koma uyu ananyanya. Anayang'ana chidole, anayang'ana mapasipoti, anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona zimene ankaganiza. Woyendetsa alendo wapezeka ndi kangolo kodzaza katundu wobedwa wa alendo. Pasipoti imodzi inali ya bambo wa m'gulu langa lomwe, amene anali asanadziwe n'komwe kuti wabedwa.

“Kangoloka n'kanu, mayi?”

“Sikanga. N'kofanana ndi kanga, kotuwa chomwechi. Theka la mzinda uno lili ndi kotere. Bwana, mwanayo wadya isanakwane wanu koloko. Akadzuka alira, ndipo sindidziwa kuti ali m'manja mwa ndani.”

Anafunsa ngati m'kangolo ka mwanayo munalibe kawailesi. Ndinati munali. Anafunsa chimene ndinamva. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti sindinamve kalikonse, kanali duu nthawi yonse. Sizinali zabodza kwenikweni, koma linali bodza. Analemba m'kabuku kake, kenako anapita pambali kukaimbira anzake kuti ayang'ane m'masitima ndi m'misewu. Ine ndinakayatsa m'thumba momwemo mwachinsinsi. Kanangolira fwee wopanda kanthu, kusonyeza kuti mnzake ali kutali.

Mtsikana wogulitsa khofi sanaone chilichonse. Makolo a ana enawo sanaonenso kanthu. Aliyense ankayang'anira kangolo kake pazenera, za mnzake ayi. Ndinayamba kuzungulira pakhomopo ngati nkhuku yofuna kuikira, ndikuimbira Saana m'maganizo koma chala chikukana kudina foni. Apa m'pamene a Fotini anakankha anthu n'kufika pamaso pa wapolisi, foni ili m'manja.

“Inu anthu inu! Nonse maso muli nawo koma palibe waona? Ine ndajambula. Ndimafuna ndikawaonetse akwathu kuti kuli dziko limene ana amawasiya panja ngati nsapato. Onani apa, bwana, onani!”

Chithunzi choyamba anachijambula tikulowa. Panali tingolo tinayi. Kathu kanali kachiwiri kuchokera pakhomo, ndipo kachitatu kanali kotuwa ngati kathu. Chithunzi chachiwiri anachijambulira pazenera patapita mphindi makumi awiri, poti mtima sunawakhale m'malo. Chipale chofewa chogwa kumwamba chinali chitakuta tingolo tonse. Kangolo kena katsopano kanali kataima pafupi ndi chitseko, ndipo mwamuna wovala chipewa cha mtundu wa olenji anali atagwira chogwirira cha kathu.

Peltoniemi anawerenga ndi chala pagalasi la foni, pang'onopang'ono. Anati munthuyu anasiya kake pamalo achitatu. Atabwerera anawerenganso chimodzimodzi, koma kunali kutabwera kena kutsogolo, ndiye kachitatu kanali kathu. Anati mwina sanabe mwana dala. Ndi mbava ya m'matumba imene yapeza kuti malo osungirako katundu otetezeka kuposa onse mumzinda muno ndi kangolo koimikidwa panja pa nyumba ya khofi. Amakasiya apo, n'kupita kukapisa alendo pamasitepe a tchalitchi, n'kumabwera kudzaponyamo zimene wapeza.

Ndinafunsa ngati zimenezo zinali nkhani yabwino. Anati zitengera chimene munthuyo achite akazindikira kuti chidole chake chikupuma.

* * *

Peltoniemi anabweza kangolo ka chidole pamzere, n'kusiya wapolisi mnzake wovala wamba m'kati kuti akadikire mwini wake. Alendo anga ndinangowasiya ndi mabanzi awo. A Fotini okha anakana kutsala. Anati iwo ndiwo ali ndi nkhope ya munthuyo, ndipo akapita kumene foni yawo ikupita.

M'chithunzimo kangolo kanali kataloza kumunsi, kudoko. Tinatsika kamsewu kolowera kumsika tikuterereka. Nyengo yozizira msika umakhala wa anthu ochepa, mahema atatu kapena anayi. M'hema lina munali Reijo, wogulitsa msuzi wa nsomba, amene ndakhala ndikumubweretsera alendo kuyambira ali ndi tsitsi. Atandiona anayamba zake zija.

“Ha, Marjukka, lero wabwera ndi apolisi? Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzakumanga chifukwa cha mabodza umauza anthu aja.”

Atandiyang'ana bwino nkhope anaika chipande pansi. A Fotini anamutosa foni pamphuno. Reijo anati munthuyo amamudziwa, wakhala akudutsa pamenepo kwa sabata yathunthu, kawiri katatu patsiku. Anati anamuona akuthamangira boti la 2 koloko lopita ku chilumba cha Suomenlinna.

“Ndinamukalipiranso. Ndinati, achimwene, m'menemo muli mwana kapena mbatata? Anadumphitsa kangolo panjanji za sitima, gu! gu! Bambo weniweni sangatero, mkazi wake angamusende.”

Ndinagwira mzati wa hema. Peltoniemi anafunsa chifukwa chimene mbava ingathamangire kuchilumba, kumene njira yothawira ndi imodzi yokha. Funso limenelo ndinayankha ndine, poti ndi ntchito yanga. Wokankha mwana m'kangolo salipira m'boti, ndipo palibe amamufunsa tikiti kapena kumuyang'ana kawiri. Nyengo yozizira alendo onse amapanikizana m'chipinda chofunda cha botilo kwa mphindi khumi ndi zisanu, maso ali pazenera kujambula madzi oundana, matumba ali pamtunda. Ndakhala ndikuwachenjeza za zimenezi zaka zonsezi. Sindinaganizepo zoyang'ana bambo wa kangolo.

Boti linali likufika. Anthu anatsika mutu uli pansi, makolala atawakweza mpaka m'makutu. Ndinayang'ana chipewa cha olenji, ndinayang'ana kangolo kotuwa. Panalibe chipewa, panalibe kangolo.

* * *

Wogwira zingwe za boti anali mayi wamfupi wojintcha dzina lake Inkeri, amene mawu amachita kuwawerenga asanawatulutse. Tinakwera, ndipo boti litanyamuka Peltoniemi anamuonetsa chithunzi. Anati inde. Anafunsidwa ngati amamudziwa. Anati amakwera tsiku lililonse ndi mwana wosalira. Anafunsidwa za lero.

“Lero analira.”

Ndinamugwira mkono. Ndinamupempha kuti anene zonse, asadikire kufunsidwa. Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinalichotsa, kenako anafotokoza. Mwana anayamba kulira boti lili pakati pa ulendo. Bamboyo anadzidzimuka ngati walumidwa, anatsegula chovundikira, n'kuchitsekanso msanga. Anatuluka m'chipinda chofunda n'kukaima panja pamphepo ndi kangoloko mpaka anafika. Ndipo wabwerera pa ulendo womwe wangotha kumenewu, chipewa chili m'thumba, manja ali lendelende.

Ndiye kuti tinadutsana naye padoko. Mwina anandikhudza phewa.

A Fotini sanamve Chifinishi, koma nditawamasulira anaphulika. Anafunsa kuti munthu wapita ndi mwana, wabwera wopanda mwana, ndipo iwe osafunsa? Inkeri anayankha kuti ankayesa wamusiya kwa amake. Anati si khalidwe kufunsa munthu za m'banja mwake. Ndinkafuna kumutukwana, koma ndinadziwa kuti ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi, ndipo ndikanadzitama kuti ndine waulemu.

Peltoniemi anati waimbira Saana, ndipo akubwera pa boti lotsatira. Boti linkaswa madzi oundana, phokoso lake likumveka m'mano. Dzuwa linali litatsikira kale pamwamba pa nyumba za mzinda kumbuyo kwathu. Ndinawerenga maola. Otso anali atakhala panja maola awiri ndi theka, anali ndi njala, ndipo munthu wamantha anali atatsegula chovundikira chake. Sindinkadziwa ngati anachitseka bwino. Mwana akalira amapalasa miyendo, bulangete limatsika. Ndinapemphera, ine amene ndimalowa m'tchalitchi kasanu pa sabata kukaonetsa anthu denga basi.

Tikuyandikira chilumba foni ya Peltoniemi inalira. Munthu uja anali atagwidwa akutenga kangolo kake panyumba ya khofi. Ankalira, akulumbira kuti iye si wakuba ana. Anati mwanayo wamusiya pabwino, pamene pali tingolo tina, pafupi ndi khoma lachikasu. Dzina la malowo sakulidziwa.

Ndinaseka, kuseka kowawa. Pachilumba chimenechi makoma achikasu ali paliponse.

* * *

Titatsika ndinatulutsa kawailesi n'kukakweza mpaka pamapeto. Peltoniemi anakayang'ana, kenako anandiyang'ana ine. Kamamva mtunda wa mamita mazana atatu basi. Chilumbachi ndachiyenda maulendo osawerengeka, ndimadziwa mzinga uliwonse wa nkhondo ndi chaka chake, koma tsiku limenelo ndinaima pachipata ngati mlendo. Ndinasankha njira ya kutchalitchi cha pachilumbacho, poti ndi imene munthu wosadziwa malo angatsate. Panja pa sitolo panalibe kangolo. Panja pa nyumba yodyera panali kamodzi kofiira. Tinafika pamlatho, kawailesi kakungoti fwee. Ndinabwerera, ndinalowa njira ya kumanzere kumene kumakhala anthu a pachilumba, a Fotini akundithamangira pambuyo ndi nsapato zawo za m'tauni, akuitana Mariya Woyera pa sitepe iliyonse.

Kenako fwee uja anaduka, ndipo ndinamva mawu. Sikunali kulira kwa Otso kumene ndimakudziwa, kokweza denga. Kunali kosasa, kodukaduka, kwa mwana amene walira mpaka mawu kutha. Ndinaima, kawailesi kali pakhutu. Ndinamva mapazi a munthu akuponda chipale, akuyandikira mwanayo. Anaima. Ndinafuula m'kawailesimo ngati angandimve, kuti mutengeni, chonde mutengeni. Mapaziwo anakhala kanthawi, kenako anapitirira.

Sindimuda munthu ameneyo. Anamva mwana akulira, anaona tingolo pamzere, anati amake akutuluka pompano.

Chitseko chinatseguka penapake pafupi ndi mwanayo, ndipo kwa kamphindi ndinamva anthu akuimba nyimbo ya ana, akuwomba m'manja. Chinatsekekanso. Ndinadziwa. Lachiwiri masana makolo a pachilumba amasonkhana mulaibulale kuimbira ana awo oyenda, makanda atagona panja. Ndimadutsitsa alendo pamenepo kuti ajambule. Ndinathamanga monga sindinathamangepo chichokere kusukulu. Tili m'njira kulira kuja kunaleka.

Panali tingolo tisanu ndi tiwiri m'mbali mwa khoma lachikasu, tonse tili chete, tonse titakutidwa ndi chipale. Tinayi tinali totuwa. Ndipo apa ndiyenera kunena chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinaima. Mdzukulu wanga ali m'kamodzi ka tingolo timeneti, mwina akuuma, ine ndinaima kuti ndizindikire kaye kathu n'kati, kuopa kudzutsa mwana wa eni. Peltoniemi nayenso anatembenukira kuchitseko kuti akaitane makolo.

A Fotini sanaime. Anafika pakoyamba n'kung'amba chovundikira, khanda la eni n'kuyamba kulira. Anapita pakachiwiri, pakachitatu, akukuwa m'chilankhulo chawo, ana akudzuka mmodzimmodzi. Makolo anatuluka mulaibulale ndi masokosi okha, tiwailesi tawo tikulira m'manja. Bambo wina anawagwira a Fotini paphewa, iwo anamukankhira kukhoma. Pakachisanu anapisa manja onse awiri.

Otso anali atapalasa bulangete mpaka m'mawondo. Chipewa chinali chitamugwera kumaso, dzanja limodzi lili panja pa thumba lake logonamo, loyera ngati la chidole chija. Sanalire. A Fotini anamasula mabatani a jekete lawo, anakweza juzi, n'kumuika pachifuwa penipeni, khungu kukhungu, n'kuthamangira naye m'kati. Ndinawatsatira. Anakhala pansi pakati pa mabuku a ana, akumuuzira mpweya m'kadzanja kaja, akumulankhula ngati wawo. Ine ndinagwada pambali, botolo la mkaka lili m'manja mwanga, lozizira ngati mwala. Mayi wina wachitsikana anandilanda botololo, anakhala pansi, n'kutulutsa bere lake.

Poyamba Otso anangoligunda ndi mphuno. Kenako analigwira. M'chipinda monse munali zii, moti tinkamva akumeza. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ine mlendo wangayo ndinali nditamuseka pamaso pa anthu maola atatu apitawo.

* * *

Saana anafika ndi anamwino awiri. Anali adakali m'zovala za mafunso a ntchito, nsapato zazitali zili m'manja, masokosi atanyowa. Sanandiyang'ane. Anamutenga mwana, anamununkhiza m'mutu, anawerenga zala. Namwino anati dzanjalo likubwerera mtundu, koma apite naye kuchipatala akamuone bwino. Saana anakumbatira a Fotini nthawi yaitali, anthu awiri osadziwana ngakhale dzina.

Peltoniemi anabwera pambali panga ndi kabuku kake. Anati pali chinthu chimodzi chimene sichikugwirizana. Munthu uja wanena kuti potenga kangolo anagunda nako khoma, ndipo ankatukwana mokweza chifukwa cha chipale. Kawailesi kanali mamita asanu kuchokera pamene ndinakhala. Analankhula motsitsa, kundipatsa mpata woti ndinene kuti mabatire anatha, kapena kuti m'nyumbamo munali phokoso. Ndikanatero akanalemba, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma Saana anali atamva. Anatembenuka, mwana ali pachifuwa.

“Amayi, simunamve bwanji?”

Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinasowepo yankho pamaso pa anthu. Alendo andifunsa za nkhondo, za mafumu, za mtengo wa nyumba, ndipo chimene sindikuchidziwa ndimachipeka pomwepo osaphethira. Ndinayang'ana mwana wanga, mawu okoma onse ali pafupi, okonzeka.

“Ndinakazimitsa, mwanawe. Kankandisokoneza nkhani.”

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo kawailesi kaja, iye n'kukaponya m'thumba la jekete.

Panja kunali kutada, nyale ya pamwamba pa tchalitchi ikuthwanima kulondolera zombo. Namwino anakonza kangolo kuti tiikemo katundu, poti Saana anakana kumutsitsa mwana. Ndinagwira chogwirira kuti ndikankhe, monga ndakhala ndikuchitira chibadwire Otso. Saana anachotsa dzanja langa mofatsa, chala chimodzichimodzi, n'kupempha a Fotini kuti akankhe ndiwo. Ananyamuka kulowera kudoko, ine ndikubwera pambuyo, ndipo njira yonseyo palibe anandifunsa kuti nyumba iyi inamangidwa liti.